Espresso wanga akutuluka wowawasa: ndi zida ziti zofunikadi kugula?

Funso: "Ndinagula makina ang'onoang'ono opangira espresso kunyumba. Khofi wake amatuluka mothamanga, wamadzimadzi komanso wowawasa, koma tsiku lina amawawa ngati mankhwala. Ndimaona mabarista akugwiritsa ntchito tizida tambirimbiri: tisingano, timasikelo, zotsindirira, timasefa tachitsulo. Kodi pa zonsezi zofunikadi ndi ziti, ndipo ndiyambe kugula chiti?"

Yankho:

Khofi amene lero akuwawasa, mawa n'kumawawa, akukuuzani zinthu ziwiri. Madzi sakudutsa mofanana m'khofi wanu, ndipo mulibe chokuuzani chimene chasintha pakati pa dzulo ndi lero. Zida zonse mwazionazo anazipangira mavuto awiri amenewa, koma kufunika kwake n'kosiyana. Zina popanda izo simupita patali, zina zimangopeputsa ntchito, zina n'zongokongoletsa pa tebulo. Ngati m'thumba mukulola zinthu ziwiri zokha, zikhale chigayo chabwino cha khofi ndi sikelo.

Taganizirani zimene zimachitika m'masekondi pafupifupi 30 amene espresso amatenga kuti atuluke. Makina amatenthetsa madzi kufika pa madigiri 90 mpaka 96, kenako pampu imawakankha pa mphamvu ya ma bar pafupifupi 9 kuti adutse m'khofi wogaya amene mwamutsindira m'kabasiketi kachitsulo. Pa basiketi ya mamilimita 58 m'mimba mwake, mphamvu imeneyi ikufanana ndi kusanjika katundu wa makilogalamu pafupifupi 240 pamwamba pa khofi wongodzaza kudzanja. Chotchinga madziwo palibenso china koma khofi yemweyo. Akakhala wokhakhala, madzi amangodutsa, n'kutenga asidi amene amasungunuka msanga, kusiya kutsekemera kumbuyo. Ndiye wowawasa uja. Akasalala mopitirira, madzi amachedwa n'kutsuka ndi zowawa zomwe. Ndipo paja madzi saiwala khwawa: akapeza pofooka paliponse, kaya ndi kamng'alu kapena pamene khofi wachepa, onse amakhamukira pomwepo n'kukumba ngalande. Khofi wa m'mbali mwa ngalandeyo amatsukidwa mpaka kuwawa, pamene winayo madzi sanamufike bwino. N'chifukwa chake kapu imodzi ikhoza kuwawasa ndi kuwawa nthawi yomweyo.

Yambani mwatembenuza basiketi yanu

Musanagule kalikonse, chotsani basiketi mu portafilter, chogwirira chija mumachimanga ku makina, muiyang'ane kunsi kwake pa kuwala. Mukaona timabowo mazanamazana, ndi basiketi wamba ya khoma limodzi. Mukaona kabowo kamodzi kokha pakati, ndi ya makoma awiri, imene makina ambiri a kunyumba amabwera nayo. Ya makoma awiriyi imatchinga madzi yokha kudzera pa kabowo kaja, motero imatulutsa thovu looneka ngati crema, kathovu kofiirira ka pamwamba pa espresso, ngakhale khofi atakhala wokhakhala kapena wakalekale. Ndi yothandiza kwa munthu amene amagula khofi wogayagaya, koma imabisa zolakwika zonse, ndipo kukoma kwake kumakhala kopyapyala. Mukapeza chigayo, sinthani mupite ku ya khoma limodzi. Musasinthe chigayo chisanabwere, chifukwa khofi wa m'paketi amadutsa m'basiketi yotereyi m'masekondi 10 okha.

Yezaninso kukula kwake ndi rula, chifukwa chida chilichonse chimene mugule chiyenera kugwirizana ndi nambala imeneyi. Makina a m'malo ogulitsira khofi, komanso ena a kunyumba monga Gaggia Classic ndi Rancilio Silvia, amagwiritsa ntchito mamilimita 58, muyezo womwenso uli pa mutu wotchuka wa E61 umene kampani ya Faema inatulutsa mu 1961 (mutu ndi mbali ya makina imene mumamangapo portafilter). Makina ambiri a Breville, amene m'mayiko ena amagulitsidwa ndi dzina la Sage, ndi a mamilimita 54. De'Longhi Dedica ndi ya 51. Anthu ambiri amataya ndalama pomwepa, pogula chotsindirira cha 58 makina awo ali a 51.

Basiketi iliyonse ili ndi mlingo wake wa khofi, nthawi zina wolembedwa m'mbali: magalamu 14, 18, 20. Musapitirire kapena kuperewera ndi galamu yoposa imodzi. Mukadzaza kwambiri, khofi amakhudza sefa ya m'mwamba imene madzi amatulukira, ndipo pomanga portafilter amang'ambika madzi asanabwere n'komwe. Njira yoyesera ndi iyi: tsindirani khofi, ikani kandalama kachitsulo kopyapyala pamwamba, mangani portafilter, masulani osayatsa madzi. Kandalamako kakalowa n'kusiya chidindo chakuya, chepetsani khofi. Mabasiketi a makampani ngati VST ndi IMS ali ndi timabowo tofanana kukula tofika mpaka m'mphepete, choncho madzi amadutsa mosavuta ndipo amafuna khofi wosalala pang'ono kuposa basiketi wamba. Ndi abwino, koma si ofulumirira. Basiketi yaing'ono ya kapu imodzi, yosongoka kunsi ija, isiyeni kaye: kuya kwa khofi mkati mwake sikufanana, ndipo imavutitsa ngakhale akatswiri.

Chigayo

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Kachigayo ka mpeni wozungulira, kaja amaperera zokometsera, kamangodula nyemba za khofi mwachisawawa: zina zimasanduka fumbi, zina zimatsala zibenthu. Fumbilo limawawa, zibenthuzo zimawawasa, ndipo palibe luso limene lingakonze zimenezi. Chofunika ndi chigayo cha mano, chokhala ndi zitsulo ziwiri zamano zoyang'anizana, chimene chimaphwanya nyemba mpaka zitakwana pa mpata umene mwaika. Mano ena amakhala afulati, ena osongoka ngati fanulo. Mkangano wa amene ali abwino ndi wa anthu amene anafika kale patali. Kwa inu onse awiri agwira ntchito.

Chimene muyenera kufunsa pogula ndi kukula kwa sitepe imodzi posintha. Khofi wa espresso amagayidwa mpaka tinthu tokwana pafupifupi kota ya milimita, ndipo pa msinkhu umenewu kusintha kochepetsetsa kumasuntha nthawi ndi masekondi angapo. Zigayo zopangidwira khofi wongosefa zimadumpha kwambiri: pa nambala iyi khofi akutuluka m'masekondi 17, pa yotsatira m'masekondi 45, pakati palibe poima. Funani chimene alemba kuti chimatha espresso, cha masitepe ang'onoang'ono kapena chopanda masitepe, chomwe mumangopotokola pang'onopang'ono. Chigayo chabwino chopukusa pamanja chimaposa chamagetsi chotsika mtengo. Magalamu 18 amatenga theka la mphindi mpaka mphindi imodzi, mkono n'kumva ndithu, koma khofi wake amakhala wofanana. Kulumikiza makina odula ndi chigayo chachabechabe n'kutaya ndalama kawiri, pamene makina wamba ndi chigayo chabwino amatulutsa kapu yoti mlendo n'kupempha ina.

Pali zinthu ziwiri zimene zimasokoneza ogula chigayo chatsopano. Choyamba, m'zigayo zamagetsi zambiri mumatsalira khofi wina m'kati. Mukasintha nambala, magalamu oyamba otuluka amakhala a kagayidwe kakale, ndiye mumaganiza kuti kusinthako sikunagwire n'kupotokolanso. Gayani magalamu 2 kapena 3 n'kutaya musanayese. Ndipo popita kosalala, potokolani mota ikuzungulira kapena m'chigayo mulibe nyemba, kuti mano asapanikize nyemba n'kujama. Chachiwiri, khofi wogaya amamatirira m'makoma n'kuulukira pa tebulo, makamaka kukakhala kouma. Mankhwala ake ndi dontho limodzi la madzi: nyowetsani chogwirira cha supuni, takasani nacho nyemba zimene mwayeza, kenako gayani. Dontho limodzi kapena awiri basi, osati kuzinyika, ndipo muzichita zimenezi pa nyemba za kapu imodzi, osati pa nkhokwe yonse ya chigayo.

Sikelo, ndi mmene mungaigwiritsire ntchito

Supuni imanama, maso nawonso amanama. Nyemba zokazinga kwambiri zimapepuka, choncho supuni imodzi ya izi ndi supuni imodzi ya zokazinga pang'ono sizilemera mofanana. M'kapu namonso mizere ya mamililita imasocheretsa, chifukwa crema ndi thovu la mpweya: khofi watsopano amaoneka wambiri, wakale amaoneka wochepa, pamene madzi ake ndi omwewo. Gulani sikelo yowerenga mpaka magalamu 0.1, yopyapyala yoti ikwane pansi pa portafilter pamodzi ndi kapu, yosachedwa kusonyeza nambala. Ikakhala ndi wotchi yake ndi bwino, apo ayi ya pa foni ikwanira.

Poyambira pake ndi apa: magalamu 18 a khofi wouma, magalamu 36 a espresso m'kapu, m'masekondi 25 mpaka 30 kuwerengera pamene mwayatsa pampu. Ngati basiketi yanu ndi ya magalamu 14 kapena 15, chulukitsani kawiri nambala imeneyo. Zimitsani pampu sikelo ikafika pa 33 kapena 34, chifukwa madontho otsalira amadzaza okha. Magalamu 36 akafika m'masekondi 15, gayani mosalala. Akafika pa 45, kapena makina akungodontha, gayani mokhakhala pang'ono. Mlingo wa khofi musaukhudze. Sinthani chinthu chimodzi chokha pa kapu iliyonse, ndipo lembani m'kabuku: nambala ya chigayo, magalamu olowa, otuluka, masekondi, ndi liwu limodzi la mmene wakomera. Kabuku kameneka nakonso ndi chida, ndipo kamaposa tizida tambiri tonyezimira.

Masekondiwo ndi chizindikiro cha panjira, woweruza ndi lilime. Mukalowa m'nthawi yoyenera koma khofi akuwawasabe, musiyeni atuluke mpaka magalamu 40 kapena 45: madzi owonjezerawo amakoka kutsekemera kotsalira. Nyemba zokazinga pang'ono, zofiirira mowala, nthawi zambiri zimafuna zimenezi pamodzi ndi madzi otentha kwambiri, cha pa madigiri 94 mpaka 96. Zakuda zonyezimira mafuta zimasungunuka msanga, choncho ziimitseni cha pa magalamu 30, ndipo ngati makina anu amalola, tsitsani kutentha cha pa 90. Takasani espresso ndi kasupuni musanalawe, chifukwa pamwamba pake crema imawawa, pansi pamakhala zolemera. Ndipo phunzirani kusiyanitsa kuwawasa ndi kuwawa, popeza ambiri amazisokoneza n'kusintha chigayo chammbuyo. Kuwawasa kumaluma m'mbali mwa lilime msangamsanga ngati ndimu, kuwawa kumabwera mochedwa kukhosi n'kukhalitsa, nthawi zina n'kuumitsa m'kamwa.

Kuyala ndi kutsindira

Khofi akamagwa kuchokera m'chigayo amaunjikana pakati ngati kachulu, ndipo amakhala ndi timibulu. Mukatsindira chomwecho, pakati pamalimba, m'mbali n'kufooka, ngalande ija n'kuyamba. Tisingano mwationato ntchito yake ndi imeneyi. Njirayi amaitchula kuti WDT, potengera dzina la John Weiss amene anaifalitsa mu 2005, ndipo pa zida zonse zotsika mtengo, ichi ndi chimene chimasintha kapu kwambiri. Singano zake zikhale zopyapyala, mamilimita 0.3 mpaka 0.4. Kamtengo kotokosera m'mano kapena waya wonenepa amangolima mizere m'malo mophwanya mibulu. Mukhoza kupanga nokha polasa tisingano 5 kapena 6 totere pa chitsekerero cha botolo la vinyo, titatambalala pang'ono.

Kagwiritsidwe kake: pukutani basiketi iume, chifukwa khoma lonyowa limaitanira madzi m'mphepete. Ikani fanulo pakamwa pa basiketi, ya maginito ija ndi yabwino chifukwa siterereka, kuti khofi asatayike. Lowetsani singano mpaka pansi, zungulizani timizere ting'onoting'ono mukuyenda kuzungulira basiketi yonse, n'kumakweza pang'onopang'ono mpaka muzingopalasa pamwamba. Masekondi 15 mpaka 20 akwana. Khofi aoneke wofewa, wathyathyathya, wopanda phiri kapena dzenje. Gogodani portafilter kamodzi pa tebulo molunjika pansi kuti akhazikike, chotsani fanulo.

Pali chida china chooneka ngati chivindikiro cholemera chokhala ndi mapiko kunsi, chimene amachizunguliza pamwamba pa khofi. Chimasiya pamwamba posalala mokongola, koma chimangosuntha khofi wa pamwamba, mibulu ya pansi ili chikhalire. Mukakhala ndi singano, chimenechi simukuchisowa.

Chotsindirira, chimene mabarista amati tamper, chiyenera kukwana basiketi mothina. Chapulasitiki chobwera ndi makina nthawi zambiri chimachepa, n'kusiya mzere wa khofi wosatsindirika m'mphepete monse. Pa mabasiketi a VST kapena IMS a 58, zotsindirira za mamilimita 58.5 zimakwana bwino, koma pa basiketi wamba yopendekera makoma zikhoza kukakamira, ndiye yezani kaye. Chikhale chachitsulo, chafulati kunsi.

Za mphamvu yotsindirira musade nazo nkhawa. Kale ankaphunzitsa makilogalamu 15, ndipo pali zotsindirira za sipuling'i zimene zimalira zikafika pa mlingo wake. Koma kumbukirani makilogalamu 240 a madzi aja: kusiyana kwa 12 ndi 18 sikutanthauza kanthu. Khofi akangofika poti sakutsikanso, watha, kukanikiza kowonjezera n'kungopweteka dzanja. Chimene chimawononga ndi kupendekeka. Mbali imene yatsika kwambiri imakhala yopyapyala, madzi amathamangira komweko. Ikani portafilter pa kamphasa ka labala m'mphepete mwa tebulo, chigongono chikhale pamwamba penipeni pa chotsindirira, chala chachikulu ndi chamkombaphala zikhudze m'mphepete mwa basiketi kuti mumve ngati mbali zonse zatsika mofanana. Kanikizani kamodzi, tulutsani pang'onopang'ono. Musagogode m'mbali mwa portafilter ndi chotsindirira mutatsindira kale. Chizolowezi chimenechi chimalekanitsa khofi ndi khoma la basiketi, n'kutsegula njira ya madzi kuzungulira konse. Ngati kupendekeka kukukuvutani, pali zotsindirira zokhala ndi mkombero umene umakhala pa milomo ya basiketi n'kuongola wokha. Pomaliza sesani ndi chala khofi wotsalira pa milomo ndi pa makutu a portafilter, kuti asakadye mphira ya ku makina.

Kuti muone ngati zonsezi zikugwira, pezani portafilter yopanda mipopi, yodulidwa kunsi kuti basiketi ionekere. Siyikometsa khofi payokha, koma ndi mphunzitsi wosabisa mawu. Ikani kagalasi pa thireyi muziyang'anira. Zikakhala bwino, pakatha masekondi 6 mpaka 10 timadontho takuda timatuluka pansi ponse nthawi imodzi ngati thukuta, kenako timasonkhana pakati n'kukhala mchira umodzi wonenepa, wamizeremizere yofiirira, umene umayera pang'onopang'ono. Khofi akayamba kutulukira m'mphepete pakati pali pouma, chotsindirira chachepa kapena khofi munamuunjika pakati. Akatulukira mbali imodzi, mwapendeketsa. Mukaona timadzi tikuthovoka cham'mbali n'kuwaza pa makina, kapena malo ena ayera msanga ena adakali akuda, imeneyo ndi ngalande, bwererani ku singano. Masiku oyamba konzekerani kupukuta.

Kasefa kachitsulo koika pamwamba pa khofi kamathandiza kumwaza madzi ndipo kamasunga mutu wa makina waukhondo. Kamadya mpata wa milimita imodzi kapena ziwiri, choncho nthawi zina muyenera kuchepetsa khofi, ndipo kamafuna kutsukidwa nthawi iliyonse. Kakhoza kudikira.

Kuwawasa kwina sikuchokera ku chigayo konse, koma ku kuzizira. Nyali ya makina ikayaka imatanthauza kuti madzi a m'boyila atentha, osati chitsulo cha mutu ndi portafilter. Chitsulo chozizira chimaba kutentha kwa madzi asanafike pa khofi. Yatsani makina portafilter ili yomangidwa, mudikire mphindi 15 mpaka 20 pa makina a boyila yaing'ono, ndipo theka la ola kapena kuposa pa a mutu wa E61 umene ndi chitsulo cholemera. Pa makina otentha msanga opanda boyila, tulutsani madzi opanda khofi kudzera mu portafilter kulowa m'kapu, mutenthetse zonse ziwiri nthawi imodzi. Kapu ya espresso ikhale yadothi yokhuthala, ya mamililita 60 mpaka 90. Za ma bar 15 kapena 20 olembedwa pa katoni, dziwani kuti ndi malire a pampu chabe, si mlingo wophikira khofi. Makina ena ali ndi valavu yotsitsa mphamvuyo kufika pa 9, ndipo pamene palibe, kuyala bwino khofi kumafunika koposa chifukwa ngalande zimabadwa msanga.

Mkaka

Pa cappuccino ndi latte mufunika jagi yachitsulo chosachita dzimbiri yokhala ndi mlomo wosongoka: ya mamililita 350 pa kapu imodzi, ya 600 pa makapu awiri. Thirani mkaka wozizira wochokera mufiriji mpaka pamene mlomo wa jagi ukuyambira m'kati. Ukachepa umatentha musanaukonze, ukachuluka umasefukira. Tsegulani nthunzi kaye pa thireyi kuti madzi a m'paipi atuluke. Kenako nsonga ya paipi ilowe pang'ono chabe pansi pa mkaka, cham'mbali osati pakati, mutsegule nthunzi yonse. Muzimva kaphokoso ngati kung'amba pepala, tsi-tsi-tsi: umenewo ndi mpweya ukulowa. Lowetsani mpweya mkaka usanafunde, jagi isanafanane kutentha ndi dzanja lanu. Ikafika pamenepo kwezani jagi pang'ono kuti nsonga imire, mkaka uzizungulira ngati kamvuluvulu, thovu lalikulu liphwanyike. Imani pa madigiri 60 mpaka 65. Mukapyola 70 kutsekemera kumatha, fungo n'kukhala la mkaka wophika, thovu n'kuuma. Choyezera kutentha cha singano chimachedwa kusonyeza, choncho tsekani chikafika pa 55, chitsalacho chikwera chokha. Pakapita milungu ingapo chikhatho chanu chidzadziwa: jagi ikafika poti simungaigwire masekondi awiri, yakwana. Gogodani jagi pa tebulo, izungulizeni mpaka mkaka unyezimire ngati penti yonyowa, thirani nthawi yomweyo.

Kulira kokweza ngati kukuwa kumatanthauza kuti nsonga yamira kwambiri mpweya usanalowe. Thovu lalikulu ngati la sopo ndiye kuti nsonga ili pamwamba kwambiri. Makina ena ali ndi chivalo pa paipi chimene chimayamwa mpweya chokha n'kupanga thovu louma. Pa ambiri chimavuka, ndipo kampopi kotsalako kamapanga thovu losalala.

Khalani ndi kansalu konyowa ka paipi ya nthunzi yokha, kosapukutira china chilichonse. Pukutani mukangomaliza, n'kutsegulanso nthunzi sekondi imodzi kapena awiri. Paipi ikamazizira imayamwira mkaka m'kati, umene umauma n'kutseka timabowo, n'kuyamba kununkha. Pa makina a boyila imodzi, mukatha nthunzi yatsani pampu mpaka madzi atuluke kuti boyila idzazenso, apo ayi chotenthetsera chimakhala pouma n'kupsa.

Zotsukira, zimene ambiri amaziiwala

Mafuta a khofi amamatirira pa chitsulo chotentha n'kuvunda, ndipo kuwawa kwina kumene anthu amanamizira nyemba kumachokera pomwepa. Bokosi logogodera khofi wogwiritsa kale ntchito, lokhala ndi mtanda wa labala, limateteza milomo ya basiketi kuti isapindike, komanso limakuletsani kutayira khofi mu sinki momwe amatseka mapaipi. Kaburashi kopindika n'kotsukira sefa ya m'mwamba ndi mphira tsiku lililonse. Kamodzi pa mlungu chotsani basiketi mu portafilter muone pansi pake, mudzapeza utoto wakuda. Nyikani basiketi ndi mbali yachitsulo ya portafilter m'madzi otentha osungunulira ufa wotsukira makina a khofi, monga Cafiza kapena Puly Caff, kwa mphindi 15 mpaka 20. Chogwirira chisalowe, ndipo zitsulo za aluminiyamu musazinyike chifukwa ufawu umazidetsa.

Basiketi yopanda mabowo ndi yotsukira m'kati mwa mutu pobweza madzi chammbuyo, koma imagwira pa makina okhala ndi valavu ya njira zitatu okha. Mukazimitsa pampu n'kumva "tsss" madzi n'kugwera pa thireyi, valavuyo ilipo. Ngati palibe, musayese, chifukwa mphamvu ya madziyo ilibe kothawira. Pomwe ilipo, ikani ufa wokwana theka la kasupuni m'basiketiyo, mangani, yatsani pampu masekondi 10, zimitsani masekondi 10, kasanu. Tsukuluzani, bwerezani kasanu ndi madzi okha, ndipo espresso woyamba pambuyo pake mutaye. Kunyumba, ufa kamodzi pa milungu iwiri mpaka inayi ndi wokwanira. Pa mutu wa E61 ufawu umachotsanso girizi wa kachogwirira koyatsira, choncho kakayamba kulira kapena kulimba, kafunika girizi wololedwa pa ziwiya za chakudya.

Mphira yozungulira imene portafilter imakanikiza imauma ndi kutentha. Mukaona madzi akudontha m'mbali mwa portafilter, kapena chogwirira chikupitirira pakati pomanga, yatha. Imasinthidwa pafupifupi chaka chilichonse, ndipo ya silikoni imakhalitsa komanso siivuta kuchotsa. Sungani ina yapadera. Mano a chigayo amangofuna burashi youma, madzi ayi, ndipo musagayemo mpunga poyeretsa chifukwa ndi wolimba kwa mota ndi mano omwe.

Madzi ndiwo amapha makina ambiri. Olimba, a kashiamu wambiri, amasiya miyala yoyera m'boyila ndi m'timapaipi, kutentha n'kuyamba kusinthasintha, madzi n'kumatuluka mofooka. Timapepala toyezera kulimba kwa madzi n'tosavuta kugwiritsa ntchito: funani madzi a pakati pa mamiligalamu 50 ndi 100 pa lita. Akapitirira, gwiritsani ntchito sefa yofewetsa madzi ya m'thanki kapena ya m'jagi, n'kumaisintha pa nthawi yake. Madzi otcheza opanda mchere uliwonse nawonso si abwino paokha: khofi amazizira kukoma, zitsulo zimadyeka, ndipo makina ena amalephera kuzindikira kuti m'boyila muli madzi. Pochotsa miyala tsatirani mankhwala amene opanga makina anu analemba, makamaka ngati boyila ndi ya aluminiyamu.

Chotsala ndi chosungira nyemba, ndipo chikukhudza mwachindunji vuto lanu la khofi wothamanga. Nyemba zikangokazingidwa zimakhala ndi mpweya wambiri wa kaboni, umene umachoka pang'onopang'ono. M'masiku oyambirira umachuluka mpaka kusokoneza madzi, choncho zipumitseni masiku 7 mpaka 14. Kuchokera pamenepo zimakoma kwa milungu inayi kapena isanu ndi umodzi, ndipo zikamakalamba muziona kuti mukufunika kugaya mosalala pang'ono masiku angapo alionse kuti masekondi asasinthe. Zikafika miyezi ingapo zili potseguka, khofi amangothamanga, wopanda crema, ngakhale mutagaya mosalala bwanji. Pogula yang'anani tsiku limene zinakazingidwa, osati tsiku lotha ntchito lokha. Zisungeni m'paketi yake ya kavalavu mutafinya mpweya n'kutseka, kapena m'chitini chosalowa mpweya ndi kuwala, kutali ndi kutentha kwa makina. M'nkhokwe ya chigayo muziika za tsiku limodzi kapena awiri. Mukagula zambiri, gawani m'timabotolo kapena timapaketi totseka bwino ta magalamu 18, muike mufiriza. Potulutsa tengani kabotolo kapena kapaketi kamodzi kokha n'kugaya nyembazo zili zozizira chomwecho, osatsegula zotsalazo kuti chinyezi chisalowe.